Nthiti Zanga ndi Mlandu wa Amuna Anga

Ululu unayambira m'zala. Anthu akwathu akamakamba nkhaniyi amayambira pachifuwa chifukwa ndi pamene panabadwira mlandu, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mwini thupi ndine. Zala ndi zimene zinayamba. Ndinkadzuka m'mawa zili gwa, zotupa manja onse awiri, moti mfundo ya kapulana, chitenje chathu chovala, ndinkachita kumasula ndi mano. Dzuwa likakwera zinkafewa, ine n'kuiwala, n'kunyamula khasu.

Chinali chaka chathu choyamba titabwerera kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Kwathu ku Mongue tinapeza mitengo ya mango yokha ndi imene ikutidikira. Nyumba zonse zinali zitagwa, ndipo pabwalo pamene ndinkasewera ndili mwana panali patamera tchire lotalika kuposa munthu. Tinkayenda moponda pamene wina waponda kale, chifukwa pansi panali mabomba okwirira ndipo palibe amene ankadziwa kuti ali pati. Amayi anga anatsala m'manda a ku msasa. Amene ndinabwera nawo anali mayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, ndi achimwene anga, amene tsopano anali mwini mbumba yathu. Kenako amuna anga ndi kamwana kathu kakakazi koyamwa.

Amuna anga sanali akwathu. Anali Mlomwe wa ku Molumbo, ndipo tinadziwana ku msasa pamzere wolandirira ufa. Anabwera kudzakhala chikamwini opanda m'bale ndi mmodzi yemwe woti angawaimire pa mlandu. Achimwene sanawakonde chiyambire. Ankati munthu wotola pamzere sadziwika kumene anachokera, ndipo akalawa kachasu ankawonjezera kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinkawayankha kuti mlambawo ndi umene ukuwadulira mitengo ya denga iwo ali gone pamthunzi. Amuna anga ankangomwetulira. Anali munthu wa mawu ochepa, Chinyanja chawo chopindikapindika, ndipo anthu ankachiseka.

Chuma chathu chonse chinali njinga imene anabwera nayo kuchokera ku Malawi. Ankamangapo nandolo kapena chimanga cha anthu, n'kupita nazo ku vila, tauni ya Milange, nthawi zina kuwoloka malire mpaka pa Muloza, n'kubwerako ndi mchere, sopo ndi misomali. Msewu unali woipa, choncho ankagona konko usiku umodzi kapena uwiri. Ine sindinkaganiza kanthu. Munthu ankabwera miyendo ikunjenjemera, fumbi mpaka m'makutu, wa chibwenzi amaoneka choncho?

Kenako ululu unakwera kudzafika m'nthiti. Unakhazikika pakati penipeni, pamene nthiti zimakumana ndi fupa la pachifuwa, n'kumazungulira mpaka kumsana. Ndikapuma pang'onopang'ono unkagona. Ndikangokoka mpweya wambiri, mayo ine, ngati wina wandilowetsa msomali. Kuseka ndinasiya. Kutsokomola ndinkakuopa kuposa njoka. Chimene chinandiliza kwambiri chinali mwana. Kubereka mwana kumafuna kuti umange kapulana pachifuwa, ndipo mfundoyo inkakhala pomwepo popwetekapo. Ndinayesa kumangira pambali, ndinayesa kumangira m'munsi, osatheka. Mwana wanga ankalira akukwawa kunditsatira, ine mayi wake ndili ndi msana wopanda ntchito. Ndinachita mantha, ndisaname. Ndinkaganiza kuti mtima wanga ukufuna kuima.

Amene anayamba kutchula dzina la matendawa anali mayi aakulu. Tsiku lina anandiyang'ana mapazi, omwenso anali atayamba kutupa m'mawa, nandidina pachifuwa ndi chala mpaka ndinakuwa. Anapukusa mutu n'kunena kuti umenewu ndi mdulo, safunika kuombeza.

Kwathu mdulo aliyense ankaudziwa. Mkazi akakhala ndi mwana wakhanda, mwamuna n'kukagona ndi mkazi wina kunja, n'kubwera kudzadya ndi kugona m'nyumba, amati wadula mkazi wake kapena mwanayo. Wodulidwa amamva chifuwa, mapazi amatupa, amaonda, kenako amalavula magazi n'kufa. Mankhwala ake alipo, mizu yosakaniza ndi mchere, koma amati sagwira ntchito pokhapokha wolakwayo aulule pamaso pa anthu, n'kumwetsa wodwalayo ndi dzanja lake. Tinali anthu opemphera ife, Lamulungu lililonse tinkasonkhana pansi pa mtengo popeza tchalitchi chinapsa pa nkhondo, koma mdulo ngakhale otsogolera mapemphero ankauopa.

Ndinawauza mayi aakulu kuti asandibweretsere zamisala pakhomo panga. Iwo anati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo anapita molunjika kwa achimwene. Achimwene anali ngati munthu amene wakhala akudikira mvula, yagwa. Anaitana amuna anga n'kuwaikira njira ziwiri. Akavomera, andimwetse mankhwala ndichire, koma iwo anyamule zawo azipita, chifukwa wodula mlongo wawo sangagonenso pamudzi pano. Akakana ine n'kufa, ndiye kuti apha munthu dala, ndipo za pamenepo adzazionera okha. Amuna anga anakana. Anati sanakhudzepo mkazi wina, Mulungu ndi mboni.

Kuyambira pamenepo pakhomo panaipa. Amuna anga akabwera kuchokera ku vila, mayi aakulu ankalanda mwana kuti asamunyamule. Anawapatsa mbale yawoyawo. Anthu odzandizonda ankalankhula ndi ine, maso ali pa iwo. Ine ndinali ndi mantha awiri, oopa kufa ndi oopa kutsala wopanda mwamuna pamudzi pamene ndinalibe ngakhale mphamvu yotunga madzi, ndipo sindinkadziwa kuti akulu ndi ati. Ndinawagwira dzanja amuna anga tsiku lina tili awiri kuseri kwa nyumba yathu imene inali isanafoleredwe.

"Bambo a mwana, musadzavomere chinthu chimene simunachite. Mwamva? Ngakhale ndikomoke."

Anati amva.

Chimene chinawononga zonse chinali mankhusu a mapira. M'mawa wina ndinadzikakamiza kupeta, chifukwa ndinatopa ndi kukhala ngati mlendo pakhomo panga. Mphepo inatembenuka, fumbi linandilowa m'mphuno, ndipo ndinayetsemula ndisanakonzeke. Sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji. Ndinaona mdima, lichero linagwa, ine ndinapezeka ndagwada pansi pakamwa pali yasa koma mpweya osalowa. Ndikayesa kukoka, nthiti zinkakana. Ndinkangomva kuti hii, hii, ngati mwanapiye. Amuna anga anali padenga akumanga mitengo. Anadumpha, nandigwira mapewa, ndipo ndinawaona nkhope yawo. Munthu amene anathawa nkhondo wapansi usiku ndi usana, sindinamuonepo akuopa chotero.

Mpweya unabwerera pang'onopang'ono. Koma masana a tsiku lomwelo iwo anapita okha kwa achimwene.

M'mawa mwake anthu anasonkhana pabwalo pathu. Anandikhazika pamphasa nditatsamira khoma. Panali mayi aakulu, achimwene, akuluakulu angapo a mbumba yathu, ndi amayi ena achikulire amene ankadziwa mizu, atanyamula kale chikho chawo. Amuna anga anakhala pansi mutu uli zyoli, n'kunena kuti n'zoona, anagona ndi mkazi wina pa Muloza. Atawafunsa dzina, anati sakulidziwa. Atawafunsa kuti amachita chiyani mkaziyo, anaganiza kaye, n'kuti amagulitsa mandasi. Atawafunsa kuti zinachitika liti, anati nthawi yokolola mapira.

Nthawi yokolola mapira! Mwezi wonse umenewo njinga inali yothyoka foloko, itatsamira mtengo wa mango, ndipo iwo sanachoke pamudzi ngakhale tsiku limodzi. Tinkakolola limodzi. Munthuyu ngakhale kunama sankatha. Ndinafuna kukuwa kuti akunama, anthu inu simukuona kodi, koma kukuwa kumafuna mpweya. Nditangodzaza chifuwa, msomali uja unandibaya, ndipo chimene chinatuluka chinali kunong'ona. Ndinati, "Akunama. Njinga inali yothyoka." Anamva ndi mayi aakulu okha amene anali pafupi. Anandisisita pamutu n'kuuza anthu kuti mwanayu akubwebweta ndi ululu, fulumirani.

Amuna anga anawapatsa chikho. Anabwera chokwawa ndi mawondo, mankhwala akutayikira. Ndinawayang'ana ndi ukali wonse umene ndinali nawo, iwo osandiyang'ana. Ndinamwa. Anali owawa, amchere, onunkha dothi. Ndinamwa chifukwa ndinkaopa kufa, ndipo anthu onse aja ankandiyang'ana ngati moyo wanga uli m'chikhomo.

Amuna anga anachoka tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Njinga achimwene anaigwira ngati chindapusa. Mlamu wawoyo anangotenga bulangete ndi chikwanje, ndipo mwana sanaloledwe kumugwira. Analowera njira ya ku Molumbo wapansi, njira imene anthu ambiri anali asanayambe kuyendamo chifukwa cha mabomba aja.

Sindinachire. Sabata inatha, ina inatha, zala zili chitupire, nthiti zili chibayire, mawondo nawo anayamba. Mayi aakulu anati ndiye kuti sanaulule zonse, akazi anali ambiri. Ndinawauza kuti akatchulanso zimenezo ndiwaponyera chimene chili pafupi, ngakhale ndinkadziwa kuti dzanja langa silingaponye ndi chitsononkho chomwe. M'mawa uliwonse ndinkalavulira patsamba n'kuyang'ana ngati muli magazi, popeza amati magazi akaoneka ndiye kuti kwatha. Nyumba inakhala yosafolera, mitambo ya mvula itayamba kusonkhana kuphiri.

Ndiye kunabwera mbiri yoti munthu wina waponda bomba kunjira ya ku Molumbo. Wobweretsa mbiriyo anaimva kwa wina, winayonso kwa wina. Ena ankati ndi mwamuna, ena mnyamata wobusa mbuzi, ena ankati wafa, ena wangoduka mwendo. Palibe ankadziwa dzina. Ndinafunsa aliyense wodutsa pamsewu, ndili chikhalire pamphasa ngati wopemphetsa. Masiku amenewo chakudya sichinkatsika. Ndinkaona amuna anga atagona m'tchire ndi bulangete lawo, afera bodza limene ananama chifukwa cha ine, ndipo kulira kwenikweni sindinkatha chifukwa kusisima kunkagwedeza nthiti. Ndinkalira ndi maso okha.

Tsiku lina ndinawaitana achimwene n'kuwauza kuti asankhe, anditengere kuchipatala ku vila pa njinga analandayo, kapena ayambe kukumba manda lero lomwe ndikuwaona, ndisankhe ndekha malo. Anandinena kuti ndine wamwano ngati malemu amayi. Koma nawonso anali atayamba kuopa, chifukwa anathamangitsa munthu ndipo mlongo wawo sankachira. M'mawa mwake anabereka mwana kumsana kwawo, anthu akuwaseka, ine n'kukhala pakaliyala. Dzenje lililonse la mumsewu umenewo ndinalimva m'nthiti. Ndinaluma kapulana mpaka inabooka.

Kuchipatala kunali anthu ochuluka, makoma akadali ndi zipsera za zipolopolo. Amene anationa anali bambo wina wotopa, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anandimvetsera m'chifuwa ndi kachipangizo kawo kaja, nanditumiza kukalavula m'kabotolo kuti aone ngati chili chifuwa chachikulu. Tinagona kwa anthu odziwana nawo kudikira zotsatira, ndipo anati m'makhololo mulibe kanthu. Kenako anatenga manja anga n'kuwatembenuzatembenuza, kudina mfundo iliyonse. Anafunsa ngati zimauma m'mawa, ndinati eya. Anafunsa ngati kwathu kunali wina wa zala zopindika. Ndinakumbukira amayi, amene zala zawo zinakhotera kumbali ngati mizu ya chinangwa, ife tinkati ndi khasu.

Anati imeneyi ndi nyamakazi, ya mtundu woipa umene umagwira mfundo za thupi lonse, ngakhale munthu akadali mtsikana. Ine ndinatsutsa, ndinati nyamakazi ndi ya m'mawondo a nkhalamba, ine vuto langa ndi chifuwa. Anandigwiritsa chala changa chomwe pamene pankapweteka paja, n'kundiuza kuti nthiti nazonso zili ndi mfundo pamene zimalumikizana ndi fupa la pakati, ndipo zatupa ngati mmene zatupira zala. Anati mtima uli bwino, mapapo ali bwino pakali pano, koma ndikadzamva kubanika kwachilendo kapena kutentha thupi ndidzathamangire kuchipatala. Anandipatsa makomprimido, mapiritsi oziziritsa ululu, oti ndizimwa nditadya. Sanandinamize. Anati matendawa satha, amangogona n'kudzuka.

Ndinafunsa funso langa achimwene ali pomwepo, mwana ali kumsana.

"Kodi matenda amenewa munthu angakupatse chifukwa choti wagona ndi mkazi wina?"

Bamboyo anandiyang'ana, nayang'ana achimwene, ndipo ndikuganiza kuti anamvetsa zonse. "Ayi, mayi. Palibe amene wakupatsani."

Titatuluka ndinaima pansi pa mtengo n'kuwauza achimwene kuti mwamva nokha, ndiye mawa mupite ku Molumbo mukatenge alamu anu, ngati ali moyo. Anayamba kukonzakonza tcheni cha njinga chimene sichinawonongeke. Kenako anati madzi akatayika saoleka. Munthuyo anavomera yekha pamaso pa akuluakulu. Ngati ananena zoona ndi wachigololo, ngati ananama ndiye kuti anapusitsa mbumba yonse, ndipo iwo sangapite kukagwadira mkamwini. Anati ndidzapeza mwamuna wina wakwathu komweko. Ndinawafunsa kuti mwamuna wake uti amene adzafune mkazi wosatha kusinja, wosatha kubereka mwana kumsana. Ndinati amene anandifuna ndili chonchi alipo mmodzi, ndipo ndikupita konko. Iwo anati ndikapita chitengwa ku Molumbo, munda wa amayi aupereka kwa ana a mayi aakulu, ndisadzabwere kudzalira.

Munda umenewo ndi umene tinkaulota zaka zonse za ku msasa. Amayi akumwalira ankautchula, malire ake kuyambira pachulu mpaka kumtsinje. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Ndinawauza kuti amasule mwana.

Kumsika ndinapeza lole yonyamula mbewu ndi makasu yopita chakumeneko, ndipo woyendetsa anandimvera chisoni. Inatitsitsa pamene msewu unathera pa mlatho wogumuka. Kuchokera apo tinayenda wapansi ndi amayi ena awiri a ku Molumbo amene sindinkawadziwa. Ataona mmene ndinkanyamulira mwana m'manja, ndikuima paliponse kuti ndipume, mmodzi anangomutenga n'kumubereka osafunsa. Tinkayenda mondondozana m'kanjira kopapatiza, wina aliyense poponda mnzake. Ndinawafunsa za munthu woponda bomba uja. Anati anamva, koma ndi wa mudzi wina, sakumudziwa. Ndinatchula mudzi wa amuna anga, iwo anati pafupi ndi pomwepo. Njira yonse yotsalayo ndinkangopemphera chamumtima, ndipo pemphero lake linali loipa, loti akhale mwamuna wa munthu wina.

Tinafika dzuwa litapendeka. Anandilozera pakhomo pa amalume awo a amuna anga, timisasa tiwiri taudzu ndi nkhokwe yopanda kanthu. Kuseri kunkamveka khasu. Ndinazungulira, ndipo ndinawapeza ali m'dzenje akuponda dothi loumbira njerwa, miyendo yonse iwiri ilipo, ataonda ngati adwala ndi iwo. Ndinakhala pansi pomwepo.

Anatuluka m'dzenjemo matope ali mpaka m'ntchafu. Sanandipatse moni. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumaso, naona kuti ndayenda ulendo wonsewo, ndipo nkhope yawo inawala.

"Mayi a mwana, mwachira?"

"Sindinachire. Sindidzachiranso. Akuti ndi nyamakazi, si mdulo ayi. Koma akuti sindikufa."

Anakhala pansi m'matope momwemo. Ndinawafotokozera za kuchipatala, za achimwene, za munda, iwo akungoyang'ana zala zanga. Nditamaliza ndinawafunsa chimene ndinayendera mtunda wonsewo, kuti n'chifukwa chiyani anavomera pamene ndinawaletsa, pamene ankadziwa okha kuti sanachite kanthu.

"Ndinakuonani tsiku lija mukulephera kupuma," anatero. "Ndinati kaya, mwina mankhwalawo sadziwa kusiyanitsa. Mwina akamva kuti ndavomera, agwira ntchito."

Ndinawauza kuti ndi chitsiru, chitsiru chenicheni cha ku Molumbo, choti chataya dzina lake ndi njinga ndi nyumba chifukwa cha chikho cha madzi amchere. Ndinanena monong'ona, poti mpweya wokalipira ndinalibe. Iwo anavomera kuti eya. Anasamba m'manja m'madzi opondera dothi aja, natenga mwana wawo kwa mayi anandithandiza uja, ndipo mwanayo analira chifukwa anali atawaiwala.